Thumba Lakuda la Tasha

Tasha Bledsoe ndinamupeza kuseri kwa hotela atalowetsa theka la thupi m'chibini cha zinyalala. Unali m'mawa wa mu Febuluwale, kuzizira kolasa m'mafupa, iye ali ndi kamalaya kopyapyala, akung'amba matumba akuda limodzilimodzi.

Ine ndinali dalaivala wa basi ya sukulu yake, ndipo ndinatulukira kumeneko kukaona ngati injini ilire.

"Iwe, ukufunamo chiyani mmenemo?"

"Zovala zanga, mayi Pruitt."

Sanalire. Anangopitiriza kung'amba, zala zitauma gwa.

Tasha anali ndi zaka 16. Mayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, bambo ake sankadziwika komwe ali. Boma linkamupezera mabanja omusunga. Banja likatopa naye kapena likasamuka, pakhomo pankafika munthu wa ku ofesi yoona za ana, atanyamula thumba lakuda la zinyalala. "Longedza, tizipita." Sabata lomwelo anali atasamutsidwanso. Choncho pamene anzake ankakwera basi ndi masutikesi a matayala kupita ku likulu, iye anakwera ndi thumba lake, n'kulibisa pansi pa mpando.

Atafika ku hotela anachita manyazi kuliika pabedi pamaso pa anzake. Analikankhira pakona, pambali pa bini. M'mawa onse atatsika kukadya, wokonza m'zipinda analowa n'kulitenga. Musamunene mayi ameneyo. Thumba lakuda lomanga pakamwa lili pambali pa bini, inu mukanaganiza kuti ndi chiyani?

Munali siketi ndi jekete zimene Tasha anagula pa kaunjika. Munalinso juzi ya malemu mayi ake. Galimoto ya zinyalala inali itadutsa kale.

Ulendo umenewu unali wa nyumba ya malamulo ya ana asukulu. Chaka chilichonse ana a sekondale a m'chigawo chonse amapatsidwa nyumba ya malamulo yeniyeni kwa masiku angapo, n'kukhala pa mipando yomwe ya aphungu. Amasankha sipikala wawo ndi bwanamkubwa wawo, ndipo aliyense amabwera ndi bilu yake. Bilu imene yadutsa n'kusainidwa, aphungu enieni amadzaipeza pa matebulo awo. Ana amenewa sachita masewera ndi malamulo awo, ndipo loyamba ndi ili: wosavala jekete ndi zovala za ku ofesi salowa.

Chaka chimenecho pakhomo anaikapo mnyamata wa kusukulu ina, Colby Strand, tayi ili thi pakhosi. Anayang'ana jinzi ya Tasha kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi.

"Ajinzi kumtunda, achemwali, kokhala alendo."

"Bilu yanga ili m'gulu loyamba."

"Ndiye ikamvekera kumtundako."

Aphunzitsi a Tasha, a Vandermeer, anathamangira ku sitolo. Pamene ankabwerako ndi siketi, dzina la Tasha linali litaitanidwa kale, mpando wake uli wopanda munthu, bilu itafa. Nkhani ya chibini nayo inali itafalikira, chifukwa wina anamuonera pawindo. Pofika madzulo ana ankamutcha Phungu wa ku Bini.

Pobwerera Tasha anakhala kumbuyo kwenikweni. Iye ndiye ankatsika komaliza. Titatsala awiri, ndinamuuza kuti kunyumba ndili ndi sutikesi ya malemu amuna anga, yachikopa, yongodya fumbi.

"Mawa ndibwera nayo. Usandivutitse ndi zikomo."

"Ayi, mayi Pruitt."

"Ayi wa chiyani? Ukunyada?"

"Mukandipatsa ine, enawo? Tilipo ambiri. Isungeni. Ndidzaitenga bilu yanga ikadzadutsa."

"Bilu yako yafa dzulo."

"Imeneyo inali ya malo oimika magalimoto. Ndinangolemba kuti ndipite nawo. Ndikunena ina."

Bilu inayo inali ya mizere yochepa: mwana aliyense amene boma likumusamutsa azipatsidwa chikwama, osati thumba la zinyalala. Anali ndi mwayi umodzi wokha, poti chaka chotsatira chinali chake chomaliza ku sekondale.

Anayamba sabata lomwelo. Vuto lake linali mawu. Tasha ankayankhula ngati akupepesa, maso ali pansi. Ndiye ana ena onse akatsika, ankaima kumbuyo kwa basi atagwira mpando n'kumayeserera, ine ndikuyendetsa.

"Olemekezeka a Sipikala..."

"Sindikumva! Injini ikukuposa."

"Olemekezeka a Sipikala!"

"Eya. Tsopano nena zomveka, usiye kutafuna mawu ngati chingamu."

Loweruka ankatsuka mbale pa lesitilanti ina ya m'mbali mwa msewu, n'kugulanso jekete ina. Masana akaweruka ankapita ku laibulale kukaonera pa kompyuta mmene aphungu enieni amakanganirana. Anzake ankati wapenga, chifukwa ndani amaonera zimenezo mwakufuna kwake?

Tsiku lina anakwera basi akukangana ndi a Vandermeer, amene galimoto yawo inali ku galaja.

"Aphunzitsi, ndaona zodabwitsa. Phungu wina wamenyera nkhondo bilu yake tsiku lonse. Ataona kuti ikugwa, wavota kuikana. Wazunguzika?"

"Sanazunguzike. Bilu ikagwa, ingathe kudzutsidwa tsiku lotsatira. Koma wopempha kuti aidzutse ayenera kukhala munthu amene anavota ndi mbali yopambana. Wogonja alibe pakamwa."

"Kwa ifenso lamulo limenelo lilipo?"

"Lilipo, koma sindinaonepo mwana akuligwiritsa ntchito. Mwana amafuna dzina lake lioneke kumbali yake mpaka mapeto."

Ine ndinawauza kuti akhale pansi onse awiri, pakubwera pokhota.

Chakumapeto kwa chaka anamusamutsanso, ulendo uno kutali, kupitirira malire a msewu wanga. Ofesi inafuna kumusintha sukulu. Tasha anakana, anapita yekha kukadandaula, anabwereranso kachiwiri, mpaka anamulola. Ankadzuka kusanache, n'kuyenda pansi m'chisanu kudzandidikira pa mphambano. Thumba lakuda limene anasamukira nalo ulendo umenewo sanalitaye. Analipinda bwinobwino n'kulisunga.

Febuluwale atafika tinabwereranso ku likulu. Tasha anakwera basi atavaliratu jekete, zotsalazo zili m'chikwama cha mabuku. Ku komiti bilu yake inadutsa mosavuta. Tsiku lachiwiri masana inafika m'nyumba yaikulu. Ine ndi a Vandermeer tinakhala kumtunda kwa alendo.

Mawu ake anamveka mpaka kumene tinali. Pamenepo ndinakhutira. Koma zimene ankanena zinali manambala okhaokha: ana ndi angati, chikwama chimodzi ndi ndalama zingati, madera ena anachita zotani. Ankati "ana amenewa," "ana oterewa," ngati akunena za anthu a kutsidya kwa nyanja. Ana ena anayamba kuyang'ana mafoni pansi pa matebulo.

Kenako anaimirira Colby Strand. Ulendo uno sanali wapakhomo, anali phungu, ndipo pakamwa anali napo.

"Olemekezeka a Sipikala, boma si sitolo ya zikwama. Lero chikwama, mawa nsapato, mkuja wotchi. Mwana akasamuka kasanu, masutikesi asanu? Ndipo ndifunse nyumba ino: alipo amene anaonapo ndi maso ake mwana akusamuka ndi thumba la zinyalala? Alipo?"

Palibe anaimirira. Tasha anayang'ana pepala lake. Naye sanadzuke.

Sipikala, mtsikana wamagalasi wosaseka, anaitanitsa voti. M'nyumba imeneyo phungu aliyense ali ndi mabatani awiri, ndipo pakhoma pali bolodi la mayina: wovomera dzina lake limayaka mobiriwira, wokana mofiira. Magetsi anayamba kuyaka. Ofiira anaposa, osati kwambiri, koma anaposa.

"Alipo wofuna kusintha voti ndisanatseke?" anafunsa Sipikala, kanyundo kali m'mwamba.

Dzina la Tasha Bledsoe linazima, n'kuyakanso mofiira.

Nyumba yonse inachita phokoso. Amene anamuvotera anatembenuka kumuyang'ana mokwiya. Colby anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Ngakhale mwini wake waithawa!"

Kanyundo kanagunda. Bilu yagwa.

Ine magazi anawira. "Chaka chonse kundisokosera m'basi, kuti adzachite zimenezi?"

A Vandermeer anali akumwetulira ngati munthu amene watola ndalama. "Mayi Pruitt, mwaiwala tsiku lija munatikalipira pa kona? Mwanayu sanathawe. Wagula pakamwa pa mawa."

Madzulo ana onse anasonkhana m'holo kudya pitsa, nyimbo zikugunda. Tasha sanavine. Ankayenda tebulo ndi tebulo kufunafuna aja anayaka mofiira, funso lake lili limodzi: "Chakukanitsa n'chiyani?" Ena ankamuthawa. Ena ankamuseka kuti, "Iwenso unakana, ukutifunsa ife?" Koma ambiri anamuyankha. Angapo anati nkhani ya Colby ya masutikesi asanu inawagwira mtima. Tasha sanakangane nawo. Anati, "Pamenepo akunena zoona, ndikonza."

Ndiye anafika kwa mtsikana wina wa kumpoto, Maribel Quintero, amene anamuyankha pitsa ili m'kamwa.

"Aise, usakwiye. Ine ndinaona ngati wangopeka kuti utimvetse chisoni. Zimachitikadi zimenezo? Bwanji atafunsa uja palibe anaimirira?"

Tasha anabwera kudzakhala pafupi nane, pakona pomwe ndinkamwa khofi wanga. Ine zodikira zimanditopetsa.

"Nena."

"Ndikawauza, ndibwereranso kukhala Phungu wa ku Bini. Chaka chonse ndakhala ndikuthawa dzina limenelo."

"Nanga ukapanda kuwauza?"

"Bilu ifa kachiwiri."

"Ndiye ukundifunsa chiyani? Manambala aja aliyense angawerenge, ngakhale Colby. Chimene uli nacho wekha m'nyumba monse muja ndi chimene wakhalira. Idya kaye, wanjala sayankhula zomveka."

M'mawa wa tsiku lomaliza, Sipikala atangogunda kanyundo, Tasha anali ataima kale.

"Olemekezeka a Sipikala, ndikupempha kuti nyumba ino ionenso voti ya dzulo pa bilu ya zikwama."

Colby anadumpha. "A Sipikala, nkhani imeneyo tinaika m'manda dzulo! Wogonja sangaidzutse."

Sipikala anakankhira magalasi m'mwamba. "Phungu Bledsoe, dzulo munavota mbali iti?"

"Ndinakana, a Sipikala."

"Okana ndiwo anapambana. Ndiye muli ndi ufulu wopempha. Phungu Strand, khalani pansi."

Munamveka kaphokoso kotsika, kenako ena anayamba kuseka, koma ulendo uno sankaseka Tasha. Colby anakhala pansi kukamwa kuli yasa.

"Alipo wovomereza pempholi?"

Maribel anakweza dzanja. "Ndikuvomereza. Ndikufuna kumva."

Nyumba inalola kuti bilu ibwerere, ngakhale ndi mavoti ochepa. Ambiri ankangofuna kuona mmene zithere.

Tasha anayamba ndi kukonza kuja. "Phungu Strand ananena zoona dzulo, ndipo ndikumuthokoza. Ndasintha mawu. Chikwama chikhala chimodzi, cha mwanayo, chopita naye kulikonse. Koma anafunsanso funso lina, ndipo ine ndinachita mantha kuliyankha."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa kanthu kakuda kopindidwa. Anakakutumula. Thumba la zinyalala linatambasuka, phokoso lake n'kumveka nyumba yonse.

"Anafunsa ngati alipo anaonapo mwana akusamuka ndi ichi. Ndine. Ndakhala ndikusamuka nalo kuyambira ndili wamng'ono. Chaka chatha ndinabwera kuno ndi lina ngati ili, munthu wosalakwa analiona n'kulitaya, chifukwa ndi mmene limaonekera. Munali juzi ya mayi anga. Ena mwa inu munanditcha Phungu wa ku Bini. Dzinalo ndalilandira. Ku biniko kuli anthu, ndipo lero ali ndi phungu."

Colby anaimanso, nkhope itafiira. Mnyamatayo malamulo ankawadziwa, zimenezo ndisamunamizire.

"A Sipikala, lamulo la nyumba ino likuletsa kuonetsa zinthu poyankhula. Thumba limenelo lichoke."

Sipikala anazengereza pang'ono. "Phungu Strand akulondola. Phungu Bledsoe, chotsani thumbalo."

Ine ndinafuna kuponya nsapato kuchokera kumtunda. Tasha sanatekeseke. Analipinda pang'onopang'ono, onse akumuyang'ana, n'kulipereka kwa wapakhomo.

"Ndamvera, a Sipikala. Thumba limeneli ndi lonyozeka, siliyenera kukhala m'nyumba yolemekezeka ino ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndikungopempha nyumba ino ichitire mwana zimene yadzichitira yokha. Iye amalowa nalo m'nyumba ya eni, tsiku loyamba, pamaso pa anthu amene sakumudziwa, moyo wake wonse uli mmenemo. Inu mwalitulutsa muno. Litulutseninso m'manja mwake."

Anakhala pansi.

Palibe anawomba m'manja, poti nazonso n'zoletsedwa. Kunangomveka mpando umodzi ukukhuluka. Kumbuyo kwenikweni mnyamata wina wamtali, amene sanayankhulepo masiku onsewo, anaimirira.

"A Sipikala, ine ndilibe zambiri. Inenso langa lili kunyumba. Dzulo ndinakana chifukwa ndinkaopa kuti mundizindikira."

Sipikala anaitanitsa voti. Ndakhala ndikuyang'ana magetsi a pamsewu moyo wanga wonse, koma sindinaonepo obiriwira okoma ngati amenewo. Anayamba kumanzere, n'kufalikira bolodi lonse. Ofiira anatsala owerengeka, ndipo limodzi linali la Colby Strand, amene sanasinthe mpaka mapeto.

Kanyundo kanagunda. "Bilu yadutsa."

Apo ndiye ana anaiwala malamulo awo. Anaimirira, anakuwa, anamenya matebulo. Sipikala anagunda kanyundo kawiri, kenako anangokasiya n'kuvula magalasi kupukuta m'maso. A Vandermeer anandikumbatira, ine n'kuwauza kuti andisiye, ndili ndi basi yoti nditenthetse.

Masana bwanamkubwa wa ana anasaina biluyo n'kumupatsa Tasha cholembera. Potuluka, Colby anamudikira pa masitepe, manja ali m'matumba.

"Unandipusitsa dzulo."

"Sindinakupusitse. Unangoseka msanga."

"Ndikadakanabe, ukudziwa. Ndalama zake sizikuoneka bwino."

"Ndikudziwa. Ukadzakhala phungu weniweni ndidzakupeza komweko."

Anagwirana chanza.

Titafika kwathu, ana onse atatsika, ndinaimitsa basi pa mphambano paja. Ndinatulutsa sutikesi kuseri kwa mpando wanga, kumene inakhala ulendo wonse nditaifunditsa bulangete.

"Munabwera nayo? Nanga bilu ikanagwa?"

"Ndikanabwerera nayo. Tenga, ukundichedwetsa."

Anaigwira chogwirira, n'kuikweza kuyesa kulemera kwake. Apo ndi pamene analira, koyamba chimudziwireni. Ndinamupatsa kansalu n'kumuuza kuti atseke chitseko bwino, chimavuta.

Bilu ya ana si lamulo, zimenezo Tasha ankazidziwa. Koma pepala lija linafika pa tebulo la phungu wa dera lathu, ndipo anamuitana kuti akafotokoze yekha pamaso pa akuluakulu. Anapita, jekete yomwe ija. Nkhani itamveka m'tauni, mipingo ndi masitolo anayamba kusonkhetsa zikwama, mpaka ofesi yoona za ana ya kwathu inasowa poziika. Lero mwana wa m'dera lathu akamasamutsidwa, amatuluka ndi chikwama cholembedwa dzina lake. Tasha ali ku koleji, akuphunzira za malamulo, ndipo Febuluwale aliyense amabwerera ku likulu kukaphunzitsa ana atsopano kuyankhula mokweza. Sutikesi ija ndi imene anapita nayo.

Tsono inu amene mukuwerenga, mwina lero bolodi lanu layaka mofiira. Mwina akusekani, mwina akupatsani dzina. Musakhale pansi n'kumadzimvera chisoni, sizithandiza. Phunzirani malamulo a nyumba imene yakukanani kuposa eni ake. Pitani kwa amene anakukanani mukawafunse chifukwa, ndipo pamene akunena zoona, konzani. Chinthu chimene mukuchibisa chifukwa cha manyazi, chiyang'aneninso bwino, mwina ndi chokhacho chimene wina aliyense alibe.

Kugwa kwa dzulo si chigamulo chomaliza. Mawa nyumba ikatsegulidwa, mukhale mutaima kale. Osataya mtima, dzukani mukapemphenso.